Mwala Umene Ydir Ananyamula

Khoma la munda wa Ydir linayamba kutupa chaka chimene mano anga a m'mwamba anatha. Linatupa pakati, ngati mimba ya mbuzi yodya msipu wonyowa, ndipo m'mawa uliwonse ndikapita kukatunga madzi ndinkapeza timiyala tina tagwera pansi.

Ydir ndi mwana wa achimwene anga, malemu a Abella. Ali ndi magolosale mumzinda wa Casablanca, monga pafupifupi aliyense wobadwira m'mudzi muno amene miyendo yake ikadayenda. Munda wake uli pamwamba pa wanga m'phiri, ndipo khoma logwira dothi lake ndi lomwe limayang'ana pakhomo panga. Patsinde pa khomalo panali chitsime changa. Anachikumba agogo m'thanthwe, nachimata ndi laimu, nachifolera ndi miyala, kusiya kakamwa kolowera madzi a mvula ndi kena kotungira. Madzi a mmenemo ndi amene ankatisunga ine, mkazi wanga Ijja, bulu ndi mbuzi kufikira mvula ina. Kasupe wa kumunsi anauma kalekale. Popanda chitsimecho pakhomo panga panalibe chokhalira, ndipo ndinkadziwa kuti khoma likagwa ligwera pomwepo.

Kumanga ndimatha. Makoma onse a minda yanga ndinawaimika ndi manja awa, popanda simenti, popanda kupempha munthu. Koma khoma la mwini wake wina salikhudza. Ukaika mwala pa khoma la mnzako iye kulibe, ndiye kuti ukuuza mudzi kuti mundawo wautenga. Mwini ayenera kubwera yekha, anyamule mwala woyamba ndi dzanja lake, auike amuna awiri a m'mudzi akuona. Akatero, wina aliyense atha kupitiriza. Ena akhoza kuulambalala mwambowu, koma osati ine, osatinso pa khoma la ana a Abella. Ine ndi achimwene tinakangana theka la moyo wathu chifukwa cha kadothi ka pakati pa khomalo ndi chitsime, pamene panali mtengo wa amondi, kadothi koti bulu atagonapo mchira ungatsale kunja. Akuluakulu anaweruza kuti ndi kanga. Anaunjika kamulu ka miyala ka malire, pamwamba pake naikapo mwala wathyathyathya umene tonse awiri tinaugwira polumbira. Achimwene anamwalira osamwanso tiyi m'nyumba mwanga.

"Muimbireni foni mwanayo," ankatero Ijja.

"Ndimuuze chiyani? Munda ndi wake, maso ali nawo."

"Masowo ali ku Casablanca."

"Abwere nawo."

Tsiku lina Ijja anapita yekha kukamuimbira foni Ydir kwa Houssa, mnansi wathu, nkhalamba inzanga imene ana ake anaigulira foni yoti aziifunsira ngati ikadali moyo. Anabwerako nkhope itawala.

"Wati mumange. Wati simunayenera n'kufunsa komwe, ndinu bambo ake."

"Wanena ndani akumva?"

"Ine ndi a Houssa."

"Foni ili ndi dzanja? Mawa akadzafuna kugulitsa mundawo adzati nkhalamba inamanga khoma kuti ilande. Udzaitana foniyo ikuchitire umboni?"

Ijja anatenga ndowa n'kupita kuchitsime, akuyenda chammbali monga ankachitira chiyambire msana kumuvuta.

M'mwezi wa Ogasiti mudzi wathu umadzaza ngati pa maliro a munthu wolemera. Magalimoto amakwera phiri motsatana, nyumba zazikulu zofiirira zimene zimakhala zotseka chaka chonse zimatsegulidwa, ndipo ana osadziwa chilankhulo cha agogo awo amathamangitsa nkhuku zathu. Lole ya madzi imakweranso kudzadzaza matanki a padenga. Nyumba ya Ydir ndi yosanja, mawindo ake ndi ochuluka kuposa anthu amene anagonamo chiimangireni.

Anabwera kudzatipatsa moni atanyamula shuga ndi nyama. Anandipsompsona pamutu monga zimayenera, ndinamva fungo la sopo wodula. Ijja anathira tiyi.

"Mwaonda, bambo aang'ono."

"Iwe wanenepera tonse."

Anaseka. Ydir amaseka msanga, ngati munthu wozolowera kugulitsa. Kenako anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pambali pa kapu yanga.

"Nyumba ija imangokhala. Muli mpopi, muli magetsi, thanki ndimadzaza ine. Mayi aang'ono asiye kukoka chingwe ndi msana umenewu."

"Ukufuna mlonda?"

"Ndikufuna mupume."

"Ndikapuma kumene akupuma bambo ako."

Ndinawakankhira makiyiwo kwa iye ndi chala chimodzi. Ijja anawayang'ana mpaka atabwerera m'thumba.

Titatha tiyi ndinamutenga ngati tikungowongola miyendo, n'kumufikitsa pansi pa khoma lake. Houssa anali atakhala pamthunzi wa amondi, akutola nsabwe zongoganizira m'chipewa chake.

"Khomali latopa," ndinatero.

Kwathu mawu amenewo ndi okwanira. Munthu wokulira kuno akanafunsa tsiku basi. Ydir anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kulijambula ndi foni.

"Ndituma amisiri a ku tauni ya Tafraout. Mwezi wamawa, kapena winawo. Musavutike nazo."

Houssa ndiye anavala chipewa chake n'kulankhula.

"Mwana wa Abella, bambo ako aang'onowa lilime lawo linauma ngati chikopa, sangapemphe madzi ngakhale ndevu zikupsa. Ndiwanenere ine. Amisiri akowo sakuwafuna. Akufuna mwala umodzi wochokera m'dzanja lako, ife tikuona. Zotsalazo amanga okha, ndipo usayembekeze kuti adzakuthokoza."

"Mwala umodzi? Basi?" Ydir anayang'ana Houssa, nayang'ananso ine. "Zimenezi zikadalipo?"

"Ife tikadalipo," anatero Houssa. "Tadikira pang'ono, sitichedwa."

Tinapangana za Lachisanu tikatuluka mu mzikiti.

Miyala ndinali nditaitola kale kumtsinje wouma, ine ndi bulu, n'kuiunjika kumapeto kwa munda wanga. Inali miyala yomangira, yaikulu, yafumbi. Mboni zinali Houssa, amene maso ake achita khungu loyera, ndi Bihi, amene makutu ake anafa kale. "Awirife tikaphatikizana tikwana munthu mmodzi," anatero Houssa m'njira, "koma mwambo umawerenga mitu." Ine sindinaseke, chifukwa Ydir sanabwere yekha. Anzake a ku Casablanca anamutsatira kuchokera ku mzikiti, mafoni ali m'manja, ngati akupita kukaona nyani wovina.

Iye anali mu mkanjo woyera ndi nsapato zachikasu. Anayang'ana mulu wanga wa miyala kutali uko, nayang'ana mkanjo wake. Kenako anayang'ana pafupi ndi mapazi ake. Pamenepo panali kamulu ka malire. Laimu wake anali atasuluka, koma kanali pomwe kanali nthawi zonse, mwala wathyathyathya uli pamwamba, woyera bwino ndi mphepo.

Anawerama, anaunyamula ndi dzanja limodzi, anaulowetsa pa mpata wa khoma lake, n'kuumenya kawiri ndi chikhatho kuti ukhazikike. Anatembenukira kwa anzake akumwetulira. Wina anawomba m'manja.

Bihi, amene samva koma amaona, anagwira pakamwa.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa Houssa, akutembenuza mutu uku ndi uku. "Waika?"

"Waika," ndinatero. "Waika mwala wa malire."

Ydir anali akupukuta zala pa mpango. "Wa chiyani?"

"Bambo ako anakutuma ali m'manda?"

"Bambo aang'ono, ndangotola umene unali pafupi. Mwala ndi mwala."

"Miyala ili mbwee phiri lonseli. Dzanja lako lapita pa umodzi wokhawo umene bambo ako analumbirirapo. Wabweretsanso ndi anthu ojambula, kuti mawa udzati malire panalibe."

"Sakudziwa, Belaid," anandiuza Houssa chapansipansi, akunditchula dzina langa. "Anachoka kuno akuyamwa chala."

"Akudziwa. Mwana wa mbala sasowa womuuza."

Kumwetulira kuja kunachoka. Ydir anayang'ana kadothi kaja, mtengo wa amondi, chitsime, nyumba yanga yadothi.

"Ndibe chiyani pano?" anafunsa mosakweza mawu. "Zinkhanira?"

Mawu amenewo ndi amene amandibwerera mpaka lero, kuposa za mwalawo.

Anatambasula dzanja kuti auzule abwezere. Ndinatchinga ndi ndodo. Mwala wa malire ukasuntha subwerera mwakachetechete ngati nsapato yovala molakwika. Wousunthayo amapha mbuzi, amaima pakhomo pa mzikiti, amanena pakamwa pake kuti ndasuntha malire, malirewo ali pakutipakuti. Akatero ndiye amaubwezera anthu akuona. Houssa anamufotokozera zimenezi mofatsa, ngati akunyengerera bulu kuwoloka ngalande.

"Mbuzi ndigula," anatero Ydir. "Mudye nonse. Koma sindikaima pa mzikiti, pamaso pa ana anga ndi anthu amene ndimachita nawo malonda, n'kunena kuti ndine wakuba. Sindinabe kanthu."

"Ndiye mwalawo ukhale pomwepo," ndinatero.

"Ukhale."

Anakwera njira ya kunyumba kwake, anzake akumutsata, mafoni atabwerera m'matumba. Sanadikire kuti mwezi uthe. Pochoka sanadzatsanzike, anangosiya makiyi aja kwa Houssa.

Ogasiti atatha mudzi unabwerera mwakale, nkhalamba, mbuzi ndi mphepo. Houssa anabwera kudzakhala pakhonde panga.

"Ndaganiza," anatero. "Mwambo umati mwini aike mwala, amuna awiri akuona. Waika. Bihi waona, ine ndamva kugunda kwake. Manga khoma, nkhalamba iwe. Za malire tidzakamba mvula itadutsa."

"Ndimange pamwamba pa mwala umenewo? Ndiukwirire ndi manja anga? Ndiye kuti ndavomera."

"Wavomera kwa ndani? Watsala ndani woti akuone?"

"Ine."

"Iwe ndiwe mudzi tsopano?"

Ijja anali pakhomo akupeta balere. Sanalowererepo Houssa alipo. Atachoka ndiye anaika lichero pansi.

"Bambo, ndakhala nanu chiyambire ndili mtsikana, sindinakupempheni chovala kapena ulendo. Mangani khomalo."

"Wakutuma ndani?"

"Wandituma ndi msana wangawu. Chitsime chikapita, amene adzatsike phiri ndi zigubu si inu."

"Waona makiyi, mtima wako uli kale ku mpopi."

Anatola lichero lake n'kupitiriza kupeta.

Sindinakhale manja lende. Miyala ija ndinaisenza umodziumodzi n'kuyamba kumanga kakhoma kanga kotchinga chitsime, mbali yanga ya malire, osapyola kamulu kopanda mutu kaja ngakhale ndi chala. Houssa anati aitane adzukulu a Bihi a kutsidya adzandithandize. Ndinakana. Wokuthandiza lero amadzakuitana mawa, ndipo ine mawa loti ndikabweze ndinalibe. Ndinkamanga m'mawa dzuwa lisanapse, ndinkapuma, ndinkamanganso. Chala chimodzi chinaphwanyika, chikhadabo chinachoka. Kakhomako kanafika m'chiuno. Pamwamba panga khoma la Ydir linkangotupirabe, mwala wathyathyathya uli pakati pake ngati dzino la golide m'kamwa mowola.

Mvula inachedwa. Nthawi yofesa balere inadutsa kumwamba kuli mbee. Madzi a m'chitsime anatsika mpaka chingwe ndinachilumikiza ndi lamba wa bulu, ndipo ndowa inkabwera ndi matope. Tinapemphera mvula pabwalo la mzikiti, anthu osakwana n'kudzaza mphasa ziwiri. Ine ndinapempha nawo, ndikudziwa bwino chimene chili pamwamba pa chitsime changa.

Inabwera masana, titangotha kudya. Kunada mbali ya kunyanja, mphepo inanunkha fumbi lonyowa, kenako inagwa ngati akukhuthula. Ndinafunda thumba n'kutuluka kukachotsa zinyalala pa kakamwa ka chitsime. Madzi ankatsika m'ngalande ofiira, n'kumalowa. Ndinaima pamenepo ndikumvera mkokomo wake pansi pa mapazi anga. Palibe nyimbo imene ndimaikonda kuposa imeneyo. Ijja anali pakhomo akundiitana kuti ndichokepo.

Ndinaona madzi akutuluka pakati pa khoma la Ydir, osati pansi pamene amayenera kutulukira. Poyamba anali ngati thukuta, kenako ngati mkodzo wa ng'ombe. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pa khoma la nyumba.

Silinachite phokoso lalikulu. Linangokhala pansi, ngati munthu wotopa amene mawondo amukana. Kumbuyo kwake kunabwera munda wonse wa Ydir, dothi limene makolo athu analisenza m'madengu kuchokera kuchigwa. Linayenda pang'onopang'ono. Linakankha mtengo wa amondi n'kuugoneka, linameza kamulu ka malire, linafika pa kakhoma kanga n'kukadutsa ngati palibe kanthu. Kenako ndinamva denga la chitsime likuthyoka, ndipo dothi linalowa mmenemo mpaka chitsimecho chinakhuta.

Mvula inapitirira mpaka madzulo. Inali mvula yabwino, yoti ikanadzaza chitsime mpaka pakamwa. Ijja anatulutsa miphika, mabeseni ndi ketulo n'kuziika pansi pa denga.

Houssa anabwera kutacha, akufufuza njira ndi ndodo, foni ili m'dzanja lina.

"Mwana uja ali pa foni. Akufuna akulankhule."

"Ndilibe naye mawu."

Anaibwezera kukhutu, namvera, nagwedeza mutu, naitseka.

"Akuti pepani. Akuti mwamwayi palibe wavulala. Akuti mundawo akukupatsa wonse, alibe nawo ntchito." Houssa anatembenukira kumene kunali chitsime, ngakhale sankaona kanthu. "Mwana waulemu. Wakupatsa munda, wakubweretsera mpaka pakhomo."

"Waona tsopano? Malire palibe. Zimene ankafuna bambo ake."

"Belaid, palibenso munda. Malire a chiyani?"

Anatulutsa makiyi aja n'kuwagwedeza. Ndinawakana ndi mawu oti sindingawabwereze pano. Anawabwezera m'thumba n'kupempha tiyi, ndipo Ijja anaphika ndi madzi a m'beseni.

Madzi a m'miphika atatha, Ijja anayamba kutsika ndi bulu kupita ku mpopi wa pamsewu, kuchigwa. Ankanyamuka kukuzizira, ankabwera dzuwa lili pamutu, milomo itauma. Ine ndinkakumba. Ndinkayamba pamene ndinkaganiza kuti panali kakamwa kotungira, ndinkachotsa miyala, ndinkasenza dothi m'dengu, koma lina linkagumukira pomwepo. Tsiku lina bulu anafika yekha, chigubu chimodzi chitang'ambika. Ndinamupeza Ijja atakhala m'njira, bondo litatupa, akuyang'ana kuphiri. Ndinamukweza pa bulu.

Ndinati kuyambira mawa ndizitsika ndine. Ndinatsika kangapo. Miyendo yanga potsika imamvera, pokwera imakana, ndipo tsiku lotsika linali tsiku losakumba. Mbuzi tinagulitsa.

Kenako m'mawa wina ndinapeza mtsuko uli wodzaza, bulu ali m'khola, msana wake uli wouma. Ijja anali atayamba kuyenda ndi ndodo. Ndinatunga ndi kapu. Madzi a chitsime changa ankanunkha mwala ndi laimu. A pamsewu amanunkha chitsulo. Awa ankanunkha pulasitiki wotenthedwa ndi dzuwa, fungo la thanki ya padenga.

Ijja anali atakhala pafupi ndi moto, atandipatsa msana. Pakhosi pake panali chingwe chatsopano cholowa m'malaya, ndipo akasuntha china chake chinkalira pang'ono ngati makiyi.

Ndinaigwira kapuyo kwa nthawi. Ndinamwa, ndinatunganso ina, n'kumwanso.

Mpaka lero sanandiuze, inenso sindinamufunse. Lole ya madzi ikamakwera phiri ndimalowa m'nyumba mpaka itatsika. Ydir sanabwere Ogasiti wotsatira, akuti anapita ndi ana ake kunyanja. Ndimakumbabe m'mawa, dzuwa lisanapse. Houssa amakhala pa thunthu la amondi n'kumandifunsa ngati ndikufuna chitsime kapena mwala uja. Ndimamuuza kuti chitsime. Koma mwala uliwonse wathyathyathya umene khasu lagunda ndimautembenuza, n'kuupukuta ndi malaya.